Ku Chongoni kukufunika msewu, osati bwalo la ndege

Pali mkangano wina umene sukutha m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook. Wina amaponya chithunzi cha kandege kokwera anthu anayi, n'kulemba kuti kuyendetsa kandege kameneka n'kotchipa kuposa kuyendetsa Prado ya bwana. Ena amaseka. Ena amavomereza, eti Amalawife tidazolowera umphawi, n'chifukwa chake maloto athu amathera pa Sienta. Kenaka pamatulukira gulu lachitatu, makamaka anzanga a ku Dedza, lomwe limati: nanga bwanji osakonza kabwalo ka ndege kufupi ndi Chongoni kuti alendo azitera pomwepo, aone zojambula za m'mapanga, atisiyire madola?

Funso limeneli si lopusa ayi. Likuchokera kwa achinyamata amene atopa ndi kuona malo otchuka padziko lonse ali zii ngati kumanda, pamene iwo ali pa ulova. Koma maganizo anga ndi akuti tikakhala pansi n'kuwerenga bwinobwino, ndege yaing'ono siingapose galimoto pa ulendo wa ku Chongoni, ndipo ndalama iliyonse imene ingapezeke yotukulira malowa iyenera kupita ku msewu. Ndifotokoza chifukwa chake, ndipo ndiwerenga m'malita osati m'makwacha, poti mtengo umene bungwe la MERA lalengeza lero mawa ukhoza kukhala mbiri yakale.

Tiyambe ndi pamene anzathu okonda ndege akunena zoona. Kandege kodziwika kwambiri padziko lapansi ndi Cessna 172, kamene kadayamba kupangidwa ku America mu 1956 ndipo apanga toposa 44,000. Kali ndi mipando inayi, kuphatikizapo wa woyendetsa. Kakakhala m'mwamba kamathamanga pafupifupi makilomita 220 pa ola, ndipo pa ola limenelo kamamwa malita pafupifupi 30 kapena kupitirirako pang'ono. Mukagawa, lita imodzi ikukatengera makilomita 7.

Tsono funsani dalaivala aliyense wa Land Cruiser yaikulu kuti lita imodzi imamufikitsa pati akalowa mumsewu wa fumbi. Ayankha nambala yosatalikirana ndi imeneyo. Komanso ndege siikhota, siizemba maenje, siima pa rodibuloko. Imangolunjika. Ndiye munthu akanena kuti kandege ndi galimoto yaikulu zimamwa mofanana, sakunama kwenikweni. Vuto ndi lakuti wasiya nkhani panjira.

Choyamba, si tonse tili ndi Land Cruiser. Galimoto zimene zadzadza m'misewu yathu ndi ma Vitz, ma Sienta, ma Probox, zimene lita imodzi imaziyendetsa makilomita 14 kapena kuposa pamsewu wa phula. Apo kale kandege kaja kakumwa kawiri.

Chachiwiri, mafuta ake si amodzi. Cessna 172 ya masiku onse imamwa mafuta otchedwa avgas, amene simungawapeze pamalo omwetsera mafuta pa Dedza boma kapena pa Linthipe. Ndi petulo wapadera, wokhala ndi mtovu pang'ono, wopangidwa ndi makampani ochepa padziko lonse, ndipo amagulitsidwa pamabwalo a ndege owerengeka. Chinthu chosowa sichitchipa. M'dziko ngati lathu, lopanda doko, lomwe ngakhale petulo wamba amachita kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam n'kutigonetsa pamizere, mafuta apadera oterewa amafika atakwera kale mtengo. Ndipo ndege siimwa za m'zigubu, aise. Galimoto ikamwa mafuta osakaniza imangotsokomola n'kuima pambali pa msewu. Kumwamba kulibe pambali pa msewu.

Mfundo imeneyi, yoti kumwamba kulibe poima, ndiyo gwero la mtengo wonse wa ndege. Galimoto timaiwerengera makilomita, ndege amaiwerengera maola. Ndege imene imanyamula anthu olipira imayenera kuunikidwa ndi makaniko wovomerezeka ikangokwanitsa maola 100 m'mwamba, komanso kuunikidwa yonse chaka chilichonse, kaya yauluka kaya yangokhala. Mafuta ofewetsera injini amawasintha pakangotha maola 50. Chilichonse chimene chakhudzidwa chimalembedwa m'buku, ndipo wosaina ayenera kukhala ndi laisensi ya ntchitoyo. Achimwene a pagalaja ya pansi pa mtengo, ngakhale ali madolo chotani pa injini ya Toyota, sangaigwire.

Injini yakenso ili ndi msinkhu wolembedwa. Kampani ya Lycoming, imene imapanga injini za tindege tambiri ta mtundu umenewu, imalangiza kuti ikakwana maola 2,000 aiphwasule yonse n'kuimanganso. Ntchito imeneyi imadya madola masauzande makumi angapo. Tanthauzo lake n'lakuti mwini ndege wanzeru amapatula ndalama ola lililonse limene wauluka, kusungira tsiku limenelo. Ife ndi galimoto zathu timayenda mpaka injini itanoka, kenaka n'kukasaka ina yakale kwa ogulitsa masipeya. Pa ndege njira imeneyo kulibe. Ngakhale kabawuti kamayenera kukhala ndi pepala losonyeza kumene kachokera.

Masipeya onsewo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Tonse tikukumbukira November 2023, pamene kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi ndipo petulo adafika pa K2,530 lita. Mwini Sienta adalira, koma adali ndi pothawira: tayala la kaunjika, shokabu ya pa ngolo ya galimoto yakufa, makaniko wangongole. Mwini ndege, tsiku ngati limenelo, bilu yake yonse imakwera nthawi imodzi, chifukwa palibe chimene angagule pamsika wa m'tauni.

Kenaka pali ndalama zimene zimatuluka ndege ili chiimire. Inshuwalansi, malo oisungira kuti isapse ndi dzuwa kapena kumenyedwa ndi matalala, ziphaso zoti ndi yoyenera kuuluka, malipiro a woyendetsa. Woyendetsayo payekha ndi chuma: laisensi yoyamba imafuna maola osachepera 40 a maphunziro m'mwamba, ndipo yoti azinyamula anthu olipira imafuna maola ochuluka kuposa apo kangapo, kuphatikizapo kupimidwa ndi dokotala nthawi ndi nthawi. Kutera pabwalo nakonso n'kolipira.

Tingoyerekeza kuti ndalama zosasinthazi zikukwana K12 miliyoni pachaka. Nambalayi ndangoitenga kuti masamu aphweke. Ndege ikauluka maola 600 pachaka, ola lililonse lasenza K20,000. Ikauluka maola 60 okha, ola lililonse lasenza K200,000, mafuta tisanawerenge. Ndiye funso lenileni si lakuti kandege kamamwa malita angati. Funso ndi lakuti kapeza anthu angati okakwera, kangati pa sabata. Ndege imene ilibe makasitomala imadya mwini wake ili pansi.

Sindikufuna kunamiza munthu kuti galimoto ndi yaulere. Aliyense amene adaitanitsapo galimoto ku Japan amadziwa kuti mtengo wa pa intaneti ndi chiyambi chabe. Pali sitima, pali ulendo wochokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, pali msonkho wa MRA umene nthawi zina umafanana ndi mtengo wa galimotoyo. Ikafika pakhomo pali inshuwalansi, COF, sevisi, matayala, mabuleki, batire. Mukamapita ku Dedza pali toll gate ya Kalinyeke, imene idayamba kulipiritsa mu 2022 potsatira ya Chingeni ku Ntcheu. Ndipo misewu yathu imatafuna mashokabu ngati chimanga chokazinga.

Koma kusiyana kwake n'kwakuti galimoto imakhululuka. Ndalama zikavuta mukhoza kuiimika mwezi, kuchedwetsa penti, kuyenda ndi galasi long'aluka. Komanso imagwira ntchito zambiri: m'mawa yaperekeza ana kusukulu, masana yanyamula matumba a mbatata ya kachewere kuchokera ku Bembeke, madzulo yathamangitsa wodwala kuchipatala. Kandege kamadziwa ntchito imodzi basi, kuchoka pabwalo lina kukatera pabwalo lina. Ndipo mukatera, mukufunabe galimoto.

Tsopano tiyeze zonsezi pa ulendo weniweni wa ku Chongoni. Mlendo watsika pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Kuchokera pamenepo kulunjika ku Dedza m'mwamba ndi makilomita osakwana 100, ulendo wa theka la ola. Kupita ndi kubwera ndi ola limodzi, malita 30 a avgas, alendo atatu okha poti mpando wachinayi ndi wa woyendetsa. Aliyense wamwa malita 10. Ngati kandegeko kawasiya n'kubwerera kopanda anthu kuti kadzawatenge mawa, werengani kawiri.

Pamsewu, kuchokera ku Lumbadzi kudutsa mumzinda wa Lilongwe n'kutsata M1 mpaka ku Dedza ndi makilomita pafupifupi 110. Kupita ndi kubwera pa Sienta ndi malita 16, ndipo mukukwera anthu asanu ndi mmodzi. Aliyense sadakwanitse malita atatu, a petulo wamba. Pa minibasi ndiye musachite kufunsa. Zoona, pamsewu mutha maola awiri m'malo mwa theka la ola. Koma onjezani nthawi yoyendera ndege isananyamuke, yolemba mapepala a ulendo, yodikira chilolezo, yodikira galimoto yodzakutengani potera, mupeza kuti mwapulumutsa mphindi zochepa pamtengo woopsa. Ndege imapambana pamtunda wautali. Pa kamtunda kochokera ku Lilongwe kupita ku Dedza kuli ngati kupha nyerere ndi nkhwangwa.

Palinso chinthu chimene aliyense wokulira ku Dedza amachidziwa popanda kuwerenga buku: nyengo. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo phiri la Dedza limapitirira mamita 2,000. Kumtunda kotere mpweya umapepuka. Injini imachepa mphamvu, mapiko sagwira bwino, ndiye kandege kamafuna bwalo lalitali kuti kanyamuke, kapena kuchepetsa katundu. Masana kukatentha zimanyanya. Alendo atatu aja ndi zikwama zawo akhoza kusanduka awiri.

Nanga nkhungu? M'miyezi ya June ndi July, m'mawa wina ku Dedza sutha kuona ngakhale nyumba ya neba. Tindege tating'ono tambiri timauluka modalira maso a woyendetsa. Phiri likabisala mumtambo, ulendo walephereka. Dalaivala wa minibasi amangoyatsa magetsi n'kumayenda pang'onopang'ono. Woyendetsa ndege wanzeru amakhala pansi n'kudikira, ndipo tsiku lodikiralo inshuwalansi ndi malipiro zikuwerengabe.

Dziko lino lidaphunzira za mapiri ndi nkhungu m'njira yowawa. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, idakumana ndi nyengo yoipa panjira, ndipo idagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse asanu ndi anayi adamwalira, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima. Idapezeka tsiku lotsatira. Akatswiri a ku Germany a bungwe la BFU atafufuza adapeza, mwa zina, kuti kachipangizo kamene kamayenera kulira ndege ikagwa kuti osaka aipeze msanga kadali ndi batire limene nthawi yake idatha mu 2004.

Sindikunena kuti batire ndilo lidagwetsa ndege, ndipo sindikufuna kusewera ndi chisoni cha mabanja amene adataya okondedwa awo. Ndikungoti taonani mmene mtengo wosamalira ndege umabisalira m'tinthu tating'ono timene palibe amatiwona mpaka tsiku loipa. Ngati dziko lathunthu lidatha zaka 20 osasintha batire limodzi, ndi chilungamo kufunsa kuti kabwalo ka m'mapiri a Dedza akakasamalira ndani. Ndani azidzatchetcha udzu, kukwirira maenje a mvula, kuthamangitsa mbuzi ndi ng'ombe, kuuza woyendetsa za mphepo? Kutsegulira ndi lumo ndi riboni n'kosavuta. Chaka chachitatu ndiye pamaoneka mwamuna.

Mbiri yathu ili ndi phunziro linanso. Mu 2009 boma la Bingu wa Mutharika lidagula ndege ya pulezidenti ya mtundu wa Dassault Falcon 900EX pamtengo wa madola pafupifupi 22 miliyoni. Dziko la Britain lidakwiya mpaka kudula thandizo lake ndi mapaundi 3 miliyoni. Mu 2013 boma la Joyce Banda lidaigulitsa pa madola 15 miliyoni, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chidali ndalama zoisamalira ndi inshuwalansi chaka ndi chaka. Imeneyo sidali ndege yaing'ono, koma matenda ake ndi omwewo: timasangalala ndi tsiku logula, osawerenga masiku odyetsa.

Ndiye kodi ndikunena kuti tindege tilibe ntchito m'Malawi? Ayi ndithu. Funsani munthu wa ku Likoma. Sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951, imafika pachilumbapo mwa apo ndi apo pa sabata, ndipo ulendo wake ndi wa maola ambiri. Kandege kochokera ku Lilongwe kamatenga pafupifupi ola limodzi. Kumeneko galimoto siingapikisane nako chifukwa msewu kulibe. Chimodzimodzi ku Chelinda pa Nyika, kumene msewu wochokera ku Rumphi umatha tsiku ndi matayala omwe. Mlendo wa masiku asanu m'dziko muno amalolera kulipira kuti asataye awiri panjira.

Pa nthawi ya ngozi ndiye nkhani ya mtengo imasintha kotheratu. Namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi misewu kummwera mu March 2023, madera ena sankafikika ndi galimoto ngakhale ya mphamvu chotani, ndipo zidatengera mahelikopita, ena ochokera kwa anansi athu, kuti chakudya ndi mankhwala zifike. Pamenepo palibe amafunsa za malita. Lamulo lake ndi losavuta: ndege imapambana pamene mtunda ndi wautali, msewu palibe, kapena moyo uli pachiswe. Ku Chongoni zitatu zonsezi palibe. Malowa ali m'mphepete mwa M1, msewu waukulu wa dziko lino.

Ndipo ngati achinyamata tikufunadi kulowa m'zouluka, khomo lotseguka lilipo kale, lotchipa kuposa Cessna. Mu 2017 boma ndi UNICEF adatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Tindege topanda munthu timeneti tanyamulapo mankhwala ndi magazi okayeza kupita kuzipatala za kumidzi. Timayendera batire, sitifuna bwalo, ndipo katundu wake ndi wa makilogalamu ochepa amene kale ankafuna ambulasi yathunthu kapena njinga yamoto. Drone imodzi ikhoza kujambula nkhalango ya Chongoni n'kuonetsa pamene mitengo ikutha ndi pamene moto wayambira. Imeneyo ndiye ntchito ya m'mwamba yoyenera Dedza.

Tibwerere ku chimene chili pachiswe. Chongoni si phiri wamba. Bungwe la UNESCO lidaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, kutsatira Lake Malawi National Park imene idalowa mu 1984. Muli malo 127 a zojambula pamiyala, m'dera la masikweya kilomita 126, ndipo m'chigawo chino cha Africa palibe pena pamene zojambula zotere zidaunjikana chonchi. Zofiira ndi za Akafula, alenje amene adakhala kuno makolo athu asanafike. Zoyera ndi za Achewa, zina zokhudza chinamwali cha atsikana, zina za Nyau. Ku Chencherere, ku Namzeze, ku Mphunzi, miyala ikusunga zimene agogo athu ankaphunzitsana kusanabwere choko ndi bolodi.

Zojambulazi zili ndi adani, ndipo palibe mdani ndi mmodzi yemwe amene ndege ingamugonjetse. Pali ana asukulu ndi akulu omwe amene amalemba maina awo ndi makala pamwamba pa chithunzi cha zaka mazanamazana. Pali utsi wa moto wa osaka mbewa ndi wa anthu obisala mvula m'mapanga. Pali kudula mitengo kumene kumasiya mwala pa dzuwa ndi pa mvula. Chojambula chikafufutika, chapita. Palibe sitolo ya masipeya ake.

Mankhwala ake ndi otopetsa kuwatchula, sakoma pa TikTok, koma ndi omwewo. Misewu ya fumbi yopatuka pa M1 kupita kumapanga ipalidwe, ithiridwe miyala, ikhale ndi ngalande ndi timilatho kuti ipitike ngakhale mu January. Pakhale zikwangwani zooneka bwino pamphambano, kuti woyendetsa galimoto wochokera ku Blantyre adziwe kuti akudutsa chuma cha dziko lonse. Pakhale alonda olipidwa pa nthawi yake, zimbudzi zaukhondo, ndi achinyamata a m'midzi yozungulira ophunzitsidwa kulondolera alendo m'Chichewa ndi m'Chingerezi, odziwa zoyenera kufotokoza ndi zoyenera kusiyira eni mwambo. Malo aliwonse aikidwe bwino pa mapu a pafoni, ndi nambala yoimbira.

Taganizaninso kuti mlendo wa ku Chongoni ndi ndani. Timakonda kulota mzungu wa chipewa chachikulu ndi kamera. Koma amene angadzadze malowa sabata ndi sabata ndi ana a sukulu za ku Lilongwe pa basi, magulu a kwaya, mabanja pa Loweruka, ophunzira a ku koleji ya zankhalango imene ili ku Chongoni komweko, achinyamata okonda kukwera mapiri n'kudzijambula. Onsewa amabwera pa matayala. Ngakhale mlendo wakunjayo nthawi zambiri amakhala pagalimoto yahayala, akuchokera ku Lilongwe, aime pa Dedza Pottery, atsike chitunda cha Golomoti kukaona za Gule Wamkulu ku Kungoni pa Mua, n'kukagona kunyanja. Chongoni ili kale panjira yake. Chimene chimamulepheretsa kupatuka ndi makilomita ochepa omaliza aja.

Ndipo msewu sunyamula alendo okha. Msewu womwewo umatsitsa mtengo wa thiransipoti kwa mlimi wa kachewere, kabichi ndi nyemba, amene lero amagulitsa motchipa kwa mavenda chifukwa galimoto siifika kumunda. Umathandiza wakabaza kuti sipoko ndi matayala zikhalitse. Umafupikitsa ulendo wa mayi woyembekezera usiku. Bwalo la ndege lingatumikire anthu angati pa mwezi? Msewu umatumikira mudzi wonse tsiku lililonse, ndipo ndalama ya mlendo wa pamsewu imagwera m'manja ambiri: wogulitsa mbatata yootcha, wa chipisi, wa zosemasema, wa malo ogona. Mlendo wa pandege amalipira kampani imodzi mumzinda n'kudutsa pamwamba pa onsewa.

Ena anena kuti maganizo otere ndi omwe amatisiya m'mbuyo, kuti maiko ena akuuluka ife tikukamba zopala misewu. Ndikumva. Koma kumene tindege timayenda bwino, monga ku Okavango ku Botswana kapena ku Mfuwe kwa anansi athu a ku Zambia, n'chifukwa choti malowo ali kutali ndi mizinda ikuluikulu ndipo kuli alendo ochuluka olipira madola, okwanira kudzadza mipando tsiku ndi tsiku. Alendo ndiwo adaitana ndege. Ndege sidaitane alendo. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha: tiyambe tadzadza mabasi, za mapiko tidzakamba mipando ikadzayamba kuchepa.

Phunziro la mkangano umenewu likukhudzanso thumba la aliyense wa ife. Ambiri tikangoyamba kulandira kamalipiro, maso amathamangira pa galimoto za pa intaneti. Timafunsa funso limodzi: ndi zingati? Funso lanzeru ndi lakuti: izidya zingati pa mwezi, ndipo izindibweretsera chiyani? Lembani mafuta a maulendo anu enieni, inshuwalansi, COF, sevisi, matayala, ndi kandalama kapadera ka tsiku limene giya bokosi idzakane. Gawani ndi makilomita amene mumayendadi. Mukapeza kuti kabaza ndi minibasi zikutchipa, palibe manyazi. Safunsa adadya phula. Pali magalimoto ambiri m'makomo mwathu amene akhala pamiyala chaka chachiwiri, nkhuku zikuikiramo mazira, chifukwa eni ake adawerenga tsiku logula lokha.

Funso lomwelo tiziwafunsa atsogoleri athu. Phungu kapena khansala akabwera ndi lonjezo lonyezimira, kaya ndi bwalo la ndege, kaya ndi galimoto zatsopano za maofesi, tisaombe m'manja msanga. Timufunse kuti chaka chilichonse chizidya zingati, ndalamazo zizichokera kuti, ndipo adzagwiritsa ntchito ndi anthu angati. Ngati sangayankhe mafunso atatu amenewa, lonjezolo ndi ngongole imene akutisiyira ife achinyamata.

Pempho langa kwa khonsolo ya Dedza, nthambi yoona za malo a mbiri yakale, unduna wa zokopa alendo ndi aphungu a m'derali ndi ili: ikani misewu yopita kumapanga a Chongoni pa bajeti, osati pa chikalata cha kampeni. Galimoto zimalipira pa Kalinyeke tsiku ndi tsiku, m'boma lomwelo la Dedza, ndipo anthu a kumeneko ali ndi ufulu wofunsa kuti misewu yawo ikonzedwa liti. Ndipo inu amene mukuwerenga izi pafoni, musadikire kandege. Sonkhanani anthu asanu ndi mmodzi, gawanani malita 16 aja, pezani wokulondolerani wa m'mudzi momwemo ndipo mumulipire bwino. Mukafika, jambulani ndi foni. Dzina lanu musalembe pamwala.